Tsiku Limene Gordon Anazimitsa Makina Ake

Kufakitale kwathu mumzinda wa Chandler, msonkhano wam'mawa si malo okondana. Mbale za silikoni zimene timapangira ubongo wa makompyuta zikayamba kutuluka ndi zilema, gulu lililonse limaloza chala linzake, ndipo wolozedwayo nkhomaliro amadya yekha.

Mwezi umenewo mbale zinkawonongeka zambiri, komanso mpando wa mkulu wa gulu lathu unali wopanda munthu. Mnzanga Ximena Barragán ankaufuna ndi mtima wonse. Chaka chapitacho anamumana. Abwana Lindqvist anati nzeru ali nazo, koma anthu akamuona amabisala kuseri kwa makina. Sananame, pakamwa pa mtsikanayu pankaluma.

Ndiye Ximena anapeza gwero la vutolo: makina a Gordon Teague, mkulu wa gulu losindikiza pa mbalezo, bambo amene salola ngakhale kuti uyetsemule pafupi ndi makina ake.

"Mawa ukamuyalutse pamaso pa abwana," ndinatero.

"Chaka chatha ndinayalutsa angati? Mpando ndinaupeza?"

Anavala ovololo yathu yoyera yongosiya maso, n'kulowa m'chipinda cha makina. Ndinamutsatira, chifukwa nkhani zotere sindikonda kuchita kumva kwa anthu.

"A Gordon, pali zimene zandizunguza mutu," anatero. "Makinawa mumawadziwa kuposa tonsefe. Tandionerani ngati ndalakwitsa."

Gordon anayang'ana zithunzi za mbalezo kwa nthawi yaitali, akupumira m'mwamba.

"Sunalakwitse, ndipo ukudziwa bwinobwino. Bwanji osadikira mawa undiphere pagulu?"

"Mukafa, makinawa akonza ndani? Ine sindingathe."

Gordon anaseka. Ine ndinali ndisanadziwe kuti munthuyu amaseka.

M'mawa mwake kumsonkhano, abwana asanatsegule n'komwe pakamwa, Gordon anaimirira.

"Musavutike n'kufunsana. Vuto ndi makina anga, ndipo ndawazimitsa kale. Walitulukira ndi Ximena. Anabwera kwa ine tisanafike muno."

Ena amene anabwera atanola mano anasowa woluma.

"Gordon, wazimitsa makina wekha, wopanda wokukakamiza?" abwana anafunsa. "Ukudwala?"

"Ndili bwino. Koma mukachedwa kumupatsa mpando uja, ndimutenga ine akatsogolere gulu langa ndikapuma."

Abwana anamuyang'ana Ximena ngati akumuona koyamba. Mtima wanga unadzaza chimwemwe moti ndinachita kudziluma mlomo kuti ndisaombe m'manja. Pansi pa tebulo Ximena anandifinya dzanja mpaka kuwawa, ndipo Lachisanu la sabata lomwelo ndinayamba kumutchula kuti bwana.