Nyumba Imene Inkavula Malata

Kwa zaka zitatu Felistus Chabwela ankakangana ndi munthu amene sanamuonepo nkhope. Iye anali namwino ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo mnzake wokangana nayeyo anali kalaliki wa khonsolo kwawo, munthu wa mawu ochepa ndi chidindo chachikulu. Mkangano wawo unali wa nyumba. Felistus anaimanga pa Chinyunyu, pa puloti ya khonsolo m'mbali mwa msewu waukulu wopita kum'mawa: njerwa zootcha, zipinda zitatu, malata atsopano. Anaimanga ndi tulo timene sanagone m'zipatala za eni ake, ndipo ndi mmene ankati adzapumiremo miyendo ikadzayamba kukana.

Chaka chilichonse ankatumiza msonkho wa nyumbayo pa positi, chaka chilichonse msonkhowo unkabwerera. Munthu kukanizidwa kulipira msonkho, munazimvapo kuti? Kalaliki ankangolemba kuti pa pulotipo palibe nyumba yoti n'kuikhomera msonkho. Felistus akalembera amalume ake a Mateyo, amene anawasiyira makiyi, yankho linkabwera m'zilembo za katekisiti wa pamudzi: nyumba ili bwino, usade nkhawa, tikuisamala kwambiri. Tsono wabodza anali ndani?

Mu 1981 kalaliki anawonjezera mzere umene unamulanda Felistus chilakolako cha chakudya. Puloti yopanda nyumba, mwini wake ali kunja kwa dziko, ipatsidwa kwa munthu wina mvula isanagwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Felistus anapempha tchuthi, nakwera sitima, nakwera basi, natsitsidwa pa marodibuloko kuti asilikali aone m'chikwama mwake ngati sopo wa ku Botswana anali ndi mlandu.

Atatsika pa Chinyunyu, chinthu choyamba kumuthobwa m'maso chinali denga lake lomwe, likunyezimira padzuwa. Nyumba inali chilili, pakhomo posesa bwino, chitseko chopaka utoto wobiriwira chili m'malo mwake. A Mateyo anatuluka atavala jekete lawo la ku Misa, nkhalamba yowuma ngati mtengo wa mpanda, namulandira ndi manja awiri.

"Waiona?" anatero. "Palibe wakhudzapo."

"Amalume, a khonsolo akuti pano palibe nyumba."

A Mateyo anamwetulira, nayang'ana kumbali. "Eya, ni mwamene akambila."

Felistus anayesa kuti nkhalamba ikuseka uchitsiru wa boma, ndipo naye anaseka. Akanadziwa, akanafunsa kachiwiri.

M'mawa mwake anapita ku boma. Pa ofesi anayamba ndi kumufunsa khadi la chipani. Khadi lake linali lakale, choncho anakagula latsopano kwa tcheyamani wa pamsika. Atabwerera, kalaliki anali atapita kukaima pa mzere wa saladi, mafuta ophikira, ku sitolo ya boma. Atabwera ndi botolo lake m'khwapa, makiyi a kabati anali ndi mnzake amene anapita ku maliro. Felistus, munthu wozolowera kuti akanena kuti jekeseni, jekeseni imabwera, anakhala pa benchi akukukuta mano mpaka nsagwada zinamuwawa.

Pomaliza kabati inatsekulidwa, ndipo mdani wake wa zaka zitatu uja anapezeka kuti ndi bambo wamfupi wachimfine, wosaopsa ndi nkhuku yomwe.

"Comrade, ise tilemba vamene inspekita aona," anatero, akutsata mizere ndi chala. "Ulendo woyamba: makoma alipo, denga kulibe, chitseko kulibe, mbuzi mukati. Ulendo wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, mbuzi zachuluka."

"Ine nagona m'nyumba imeneyo dzulo! Kodi nagona na mbuzi?"

"Ivo mudziwa ndimwe, comrade."

Anaitana inspekitayo, a Phinias, munthu wamtali wolankhula ngati akuwerenga kalata. Iwo sanakwiye. Anangoti maso awo sanawanamizepo, koma ngati mayi akukakamira, apitanso komaliza galimoto ya khonsolo ikapeza dizilo. Zimene akaone ulendo umenewo ndi zimene zidzakhale, ndipo pali kale munthu wa golosale amene akuifuna pulotiyo.

Dizilo anachedwa. Felistus anagona kwa mnzake wakale wa ku sukulu ya mishoni, m'mawa uliwonse n'kukakhala pa benchi ija, tchuthi chake chikusungunuka ngati mchere m'madzi. Anaganiza zosatumiza uthenga kumudzi, kuti a Phinias akaone okha zinthu mmene zimakhalira tsiku lililonse. Anaiwala kuti pa msewu umenewo uthenga sudikira kutumidwa. Dalaivala wa khonsolo anauza mayi wogulitsa nthochi, mayiyo anauza kondakitala, kondakitala anauza amayi ochapa ku kasupe wa madzi otentha wa Chinyunyu, ndipo nkhani ikafika pa madzi amenewo ndiye kuti yafika paliponse.

Tsiku la ulendo Felistus anakhala kutsogolo kwa Landirova, pakati pa dalaivala ndi a Phinias, atakonzeratu mawu oti adzanene munthu wamtaliyo akadzachita manyazi. Atakhota pa ngodya yomaliza anatambasula dzanja kuti aloze denga lake. Dzanjalo linatsala m'malere.

Denga kunalibe. Mitanda yokha inali gada kuyang'ana kumwamba. Pamene panali chitseko chobiriwira panali chibowo, ndipo pa chibowopo panaima tonde akubzikula, akuyang'ana galimoto ngati mwini nyumba. Pansi pa mtengo panakhala amuna angapo a pamudzi, thukuta lili kamukamu, akuchita ngati akhala pomwepo chibadwire.

A Phinias anatsegula buku lawo pang'onopang'ono. "Mbuzi mukati," anatero.

Felistus anatsika osadziwa kuti watsika bwanji. A Mateyo anabwera akutsimphina, kutsimphina kumene analibe masiku apitawo, nagwada pang'ono kwa a Phinias.

"Bwana, ni chibwinja chabe ichi. Mwine wake anayenda kudala, sitidziwa ngati ali moyo."

Atanena zimenezo anamuona mwini wake wosadziwika moyoyo ataima kumbuyo kwa bwana. Sanadzidzimuke. Anamutsinzinira diso limodzi, namukokera pambali.

"Khala chete, mwanawe," ananong'ona, nkhope ili yowala ndi kunyada. "Aka ni kachinayi tikupulumutsa. Malata ali m'mabango, chitseko chili pansi pa nkhokwe. Motoka ikapita, dzuwa likalibe kulowa tibwezapo."

Pali mkwiyo wina umene umayamba ndi kuseka. Felistus anaseka, anthu a pansi pa mtengo naleka kutafuna nzimbe. Kenaka anakuwa. Anawauza amalume ake za makalata a zaka zitatu, za sitima, za benchi, za munthu wa golosale amene akudikira kuti aikemo mashelefu m'chipinda chake chogona. Anawauza pamaso pa akamwini ndi adzukulu, mawu oti mwana wa mlongo sayenera kuwalankhula kwa malume wake, ndipo ankadziwa kuti akulakwa, koma pakamwa panakana kutseka.

"Nani anakutumani? Ine nifuna kulipira! Nifuna anilembe! Chifukwa cha nzeru zanu izi nyumba yanga ipita!"

A Mateyo atayankha, kutsimphina ndi kunong'ona zonse zinali zitatha.

"Atate anga, ba Yoram, anamangira ambuya ako kanyumba kachiwiri. Akapaso, amesenjala a boma ya azungu, anabwera, anawerenga madenga awiri. Ndalama ya msonkho analibe. Anawamanga chingwe m'chiuno, ine niona, kuti akagwire nchito pa msewu uyu wamene wabwerapo na motoka. Sanabwere. Kuchoka apo, tikamva kuti boma ili m'njira, amama anali kutikweza pamwamba kuti tisasule udzu. Nyumba yopanda denga siwerengedwa. Manje iwe uli kutali, ulibe mwamuna wokuimira. Nikanaleka akuwerenge?"

Felistus anafuna kunena kuti azungu anapita kalekale, kuti mbendera inasintha iye ali kale namwali, kuti akapaso a chingwe kulibenso. Koma chikakuluma chakuda umaopa khala, ndipo nkhalamba iyi inakhala ikuopa khala moyo wake wonse. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti sakanatha ngakhale kukwiya bwinobwino. Munthu wakuonongera zinthu chifukwa chokukonda umamutani?

Anatembenukira kwa a Phinias, amene anamva zonse cholembera chili m'manja.

"Ba Phinias, mwamva mweka. Nyumba ilipo."

"Namva, mayi. Koma ine nilemba vamene naona, osati vamene namva." Anayang'ana dzuwa, nayang'ana mitanda ija. "Miyendo yanga ivuta masiku ano. Akuti madzi ya pano yathandiza. Niyenda kuviika mapazi, nikabwera nizaona."

Felistus sanadikire kuti amve kawiri. Anavula nsapato za ku Francistown, namanga chitenje, nalowa yekha m'mabango. Amuna aja ataona mayi wa chipatala akukoka lata pamutu anachita manyazi nadzuka. Ntchito anali kuidziwa, poti anaichita kale katatu. Wina makwerero, wina hamala, wina chitini cha misomali yowongolawongola. Amayi anathamangitsa mbuzi nasesa ndowe. A Mateyo okha sanakhudze kanthu. Anakhala pa mwala, akuonerera anthu akutcheranso msampha umene iwo anavutikira kuumasula.

Felistus atalowa m'nyumba kuti aone, anayang'ana kumwamba nagwira pakamwa. Malata ake, okhomedwa ndi kuzulidwa kambirimbiri, anali mabowo okhaokha, dzuwa likudontha pansi ngati ufa pa sefa. Anatukwana chamumtima, koma denga linali denga.

A Phinias anabwera mapazi ali ofiira, nazungulira nyumba, nagogoda chitseko chobiriwira, nalemba. Atatha sanatseke buku.

"Chatsala chimodzi. Mwine nyumba akakhala kunja kwa dziko, pafunika dzina la munthu wokhala pano, wamene boma izapeza ikabwera. Popanda ilo, vonse ivi ni vachabe."

Amuna a hamala aja anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Kukwera padenga ndi kwina, kulowa m'buku la boma ndi kwina. Felistus anafotokoza kuti palibe womangidwa, kuti msonkho azilipira yekha, kuti dzinalo ndi longolandirira makalata. Anafotokoza m'Chinyanja, nafotokozanso mothyokathyoka m'Chisoli, chinenero cha pamudzipo. Palibe anatukula mutu, ndipo dalaivala anali ataliza kale injini.

A Mateyo anadzuka pa mwala paja. Anthu onse ankadziwa kuti munthu ameneyu, owerenga anthu akabwera, ankakhala kuthengo mpaka atapita.

"Lembani ine," anatero. "Mateyo, mwana wa Yoram."

"Amalume, mwamvetsa kuti kulibe..."

"Namvetsa vonse." Anapereka chala chawo chachikulu, a Phinias nachidinda pa inki, nachidinda pa pepala. "Bwana, mukabwera na chingwe, musakavutike kuyenda ku Botswana. Munipeza pano."

Galimoto inapita, nyumba italembedwa. Felistus anakhala nawo pansi amalume ake, napepesa mawu ake aja, nawafotokozeranso kuyambira pachiyambi, mofatsa, mmene amafotokozera odwala okana mankhwala. Iwo ankangovomera ndi mutu. "Eya, eya, mwanawe, namva."

Tsiku lobwerera ku Botswana, Felistus analowa m'nyumba kukatenga chikwama chake. Kuseri kwa chitseko chobiriwira anapeza kamtolo: bulangete la amalume ake lopindidwa bwino, jekete la ku Misa, kolona, ndi kathumba ka chimanga chokazinga, zonse zomangidwa pamodzi ndi luzi.

"Amalume! Ivi ni vichani futi?"

"Visiye pamene apo," anayankha a Mateyo ali panja. "Atate anawatenga alibe na bulangete."