Mwala wa Pansi pa Tayala

Simeon anali mmisiri womanga wodziwika pa Mtunthama, koma panali khoma limodzi limene sankafuna n'komwe kuliyang'ana. Analimanga yekha pa depoti ya feteleza ya a Mwavi. Depotiyo inali pamalo otsetsereka. Kumtunda kunkaima malole, kumunsi kunali zenera logulitsirapo feteleza wa makuponi, ndipo khomalo linali pakati kuti litchinge galimoto ikatsetsereka.

Pulani ya kukhonsolo inanena momveka kuti likhale la konkire, la zitsulo mkati zozikika m'maziko. Zitsulozo zinabweradi. Koma a Mwavi, munthu woopa akuba kuposa Mulungu, anati ziikidwe pazenera, khoma limangidwe ndi njerwa basi. "Mungopaka pulasitala, aona ndani?" Simeon anapaka, ndipo anapaka bwino, mpaka woyendera ntchito anasisita khomalo n'kumuyamikira.

Novembala wina, mvula ili pafupi, fodya akudikira panazale, mzere wa makuponi unafika mpaka kumsewu. Anthu sankaima padzuwa. Aliyense ankaika mwala pamzere kuti usunge malo ake, iye n'kukakhala pamthunzi, ndipo mthunzi unalipo umodzi wokha, wa khoma lija.

Masana Simeon anabwera ndi madzi akumwa a mkazi wake Lefina. Anamupeza atatsamira khomalo pamodzi ndi amayi ena ambiri. Kumtunda kwawo kunaima lole yakale yodzaza matumba, italozetsa kumbuyo kwake kukhoma, dalaivala atapita kokadya. Lefina anamulozera mwala wake pamzere monyadira, chimwala chachikulu, chakuda mbali imodzi.

"Mayi a Dina, mwala uwu mwautenga kuti?"

"Kumtundako, pansi pa tayala. Ina yonse anzanga anatola kale."

Simeon anachita mantha. Malole otere buleki yamanja inafa kalekale, chimene chimawagwira ndi mwala. Atasuzumira pamwamba pa khoma anaona tayala likutembenuka pang'onopang'ono, timiyala tikuphwanyika pansi pake.

"Amayi, chokani apa, lole ikubwera."

Palibe anasuntha. Mayi wina anaseka. "Tichoke kuti anzathu atikankhire miyala kumbuyo? Si la konkire khomali? Munamanga ndinu, bambo a Dina."

Zaka ziwiri anali atasunga chinsinsicho, ngakhale kwa mkazi wake. Tsopano anachitaya pagulu, mokuwa: "Mulibe zitsulo umu! Ndi njerwa zokhazokha!"

Amayi anabalalika, ana kumsana, makuponi m'manja. Simeon ananyamula chimwala chija, n'kuthamanga nacho chokwera. Anachiponya kuseri kwa tayala. Lole inachikankha, inachikwekwereza pansi, kenako inaima kumbuyo kwake kutangokhudza khoma. Kukhudza kokhako kunakwana. Pulasitala anasweka, njerwa zinagumukira kumunsi, pamwamba pa chitenje chimene Lefina anayala.

Fumbi linayamba kutsika. Simeon anabwerera kumunsi, magazi akutuluka m'zala. Lefina sanayang'ane zalazo. Anasolola chitenje chake pansi pa njerwa, n'kuchikutumula.

"Bambo a Dina, chaka chatha ndinkagoneka mwana pomwepa, inu mukudziwa. Zitsulozo zinapita kuti?"

Simeon anangokweza dzanja n'kuloza zenera limene mkazi wake ankadikira kuyambira m'mawa, lolukidwa ndi zitsulo zonenepa, matumba a feteleza atasanjikana kuseri kwake, onse osakhudzidwa.