Chingwe cha Tig

A Glenys Raine sankaukhulupirira mwezi wa Epulo. Ankati m'mawa umakuseka ndi dzuwa, masana n'kukuphimba ndi nkhungu, ndipo wokwera phiri wopanda jasi amatsika atanyamulidwa. Koma alamu awo, a Hilary, anawaumiriza sabata yathunthu kuti awoloke phiri kuchoka ku chigwa cha Swaledale kukatsikira chigwa chinacho. Ankati Tig, galu wa a Norman, malemu amuna awo a Glenys, wanenepa ngati mtsamiro chifukwa chobindikira.

A Glenys anavomera, koma chingwe cha galuyo anachikulunga kawiri padzanja. Nkhosa zinali zikuswa, ndipo nyengo imeneyi galu akalowa pakati pa nkhosa, mlimi safunsa mwini wake, amangotenga mfuti. Pa zonse zimene a Norman anasiya, chopuma chinali Tig yekha.

Pamwamba panalibe mtengo ndi umodzi womwe, koma zitsamba zofika m'mawondo, matope akuda, ndi chipale chofewa chotsalira m'makwawa. A Glenys ankachenjeza njira yonse. Pobiriwira kwambiri sapondapo, pansi pake ndi chithaphwi chomeza munthu mpaka m'chiuno. Mwala wonyowa saudalira. Nkhungu ikagwa sathamanga.

"Alamu, inu ngakhale tiyi wa m'kapu mumamuopa kuti akumizani," anatero a Hilary uku akutsegula fulasiki.

Anadya buledi ndi tchizi atabisala kuseri kwa mpanda wamiyala, mphepo ikulira m'ming'alu. Potsika, bondo la a Hilary linayamba kutupa.

Kumunsi njira ya apansi inkadutsa mumsipu, ndipo mumsipumo munali ng'ombe zoposa khumi ndi ana ake ongobadwa kumene. A Glenys anaima pageti. Anati azungulire kumsewu, poti ng'ombe ya mwana siidziwa chibale. A Hilary anawaonetsa bondo lija, nati kumsewu n'kutali ndipo basi yomaliza ndi ya folo koloko. Analowa, akuyenda motsatira mpanda.

Ali pakati, ng'ombe imodzi yakuda inasiya kudya. Zinzake zinatukula mitu. Zinayamba kubwera pang'onopang'ono, kenako mothamanga, nthaka ikunjenjemera. Tig anadzipanikiza pakati pa miyendo ya a Glenys. Iwo anafupikitsa chingwe, nawerama kuti amunyamule ngati khanda.

A Hilary anali atafika kale pa makwerero odumphira mpanda. "Mmasuleni, alamu! Zikufuna iyeyo, osati inu."

"Kuseriko kuli nkhosa. Amuwombera."

"Ndiye mufe inuyo, galu adzakhale mwini maliro?"

Yakuda ija inagunda a Glenys m'chiuno ndi chipumi, iwo n'kugwada m'ndowe. Anamva mpweya wake wotentha pakhosi. Kumanja ziboda, kumanzere ziboda, kumbuyo miyala. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndipo kachitsulo kokolowekera chingwe m'khosi mwa galuyo kanakana kawiri. Kachitatu kanatseguka.

Tig anatulukira pansi pa mimba ya ng'ombe n'kuliyatsa liwiro. Gulu lonse linatembenuka kumutsata. A Glenys anakwawa mpaka pa makwerero, a Hilary n'kuwakokera kuseri ndi kolala ya jasi.

Koma galuyo, atazungulira msipu, anapeza kabowo kamene alimi amasiya pansi pa mpanda kuti nkhosa zizidutsa. Analowa pomwepo, n'kutulukira pakati penipeni pa nkhosa ndi ana ake. Nkhosa zinabalalika zikulira. Kumunsi, pakhomo la nyumba ya pafamu, mwamuna wina anatuluka, naima, akuyang'ana kumtunda. Anali kutali moti m'manja mwake simunkaoneka.

A Glenys anaitana mokweza.

"Tig, gona."

Galuyo anayang'ana kamwana ka nkhosa kamene kanali kutsogolo kwake, nayang'ana a Glenys. Kenako anagwa chamimba pa udzu, lilime panja. A Glenys anatsimphina mpaka pamene anali, namugonera pamsana ndi thupi lawo lonse, kuti wowombera ayambe wawombera iwo.

Mwamuna uja anafika ali wefuwefu, m'manja muli ndodo chabe. Anati waona zonse ali pabwalo. Anawerenga nkhosa zake ndi maso, nayang'ana m'kamwa mwa Tig ngati muli ubweya, osapezamo kanthu.

"Mayi, dzukanitu, mum'phwanya nthiti galuyo," anatero. "Ng'ombe zam'lephera, mum'malize ndinu?"

Anati awaperekeza ndi galimoto mpaka pokwerera basi. A Glenys anakana mpando wakutsogolo. Anakhala kumbuyo pa matumba a chakudya cha nkhosa, Tig ali pamiyendo, ndipo anauza mlimiyo kuti ayendetse pang'onopang'ono, chifukwa msewu wa m'mbali mwa mtsinje umaterera.