Mfumu Ipempha Madzi

Tsiku limenelo kunali chiperoni. Phiri la Malosa silinkaoneka, ndipo kamvula ka mawawa kanandinyowetsa njira yonse. Panjinga ndinali nditamangirira mpando umene a Silas, mphunzitsi wa kusukulu ya aphunzitsi ku Domasi, anandiuza kuti ndiwakhomere. Unali mpando wa mfumu ya m'sewero lawo.

Ndinawapeza akuyeserera sewerolo ndi ophunzira awo. A Silas anati ndidikire mvula ikate, ndiye ndinakhala kumbuyo.

Sewerolo linali la mfumu yodzikuza imene inalamula kuti munthu asatunge pamtsinje ng'ombe zake zisanamwe. Anthu anasamuka mmodzimmodzi. Kunagwa chilala, ng'ombe zinafa, mfumu inatsala yokha. Kumapeto pankadutsa mayi atasenza mtsuko, mmodzi mwa anthu amene inawathamangitsa, ndipo mfumuyo inayenera kumupempha madzi.

Mfumu anali Mateyo, mwamuna wandevu zake. Anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka.

"Mayo ine! Ndalakwa! Ndikhululukireni!"

"Iwe Mateyo," anatero Lyness, amene anasenza mtsuko, "ukulira ngati mbuzi yapamsika. Madziwo ndikuthira kumutu."

Onse anaseka. Ine mawu anangondipulumuka.

"Satero."

Anatembenuka. A Silas anati, "Bwanji, a Jonasi?"

"Munthu wotere salira."

"Nanga amatani? Bwerani mutionetse, bambo."

Ndinali ndi chifukwa chodziwira. Mkazi wanga Dina anamwalira mu 1967. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Jenifa, anali atakwatiwa ndi Maulidi, telala wachisilamu wa ku Naisi, ine nditakana. Pamaliro Jenifa anabwera. Ndinaima pakhomo la siwa n'kunena kuti asalowe. Amake anawalirira ali panja, patsinde pa mango. Abale a Dina atafuna kundisudzula kuti ndibwerere kwathu, ndinakananso. Ndinatsala m'mudzi wa eni, m'nyumba imene simubwera munthu. Ndinkangomva kwa amayi a kuchigayo kuti Jenifa ali ndi kamtsikana koyenda ngati Dina, koponyera phazi lamanzere kunja. Zaka zinayi ndinkafuna kukaona phazi limenelo.

Ndinapita kutsogolo. Sindinakhale pampando uja. Ndinakhala pansi pambali pake, dzanja limodzi litaugwira mwendo. Lyness anabwera ndi mtsuko wake. Ndinayang'ana kumbali.

"Kwanuko mvula inagwa?" ndinatero.

Anadabwa, popeza mawuwo sanali a m'sewero, koma anayankha. "Inagwa pang'ono."

"Mtsukowo ndi wa dothi labwino."

"Ndi wa amayi anga."

"Ana ali bwanji?"

Lyness anatula mtsuko n'kugwira m'chiuno. "Inu agogo, paja munatithamangitsa. Lero mukufunsa za ana? Ngati mukufuna madzi, nenani. Ulendo wanga ndi wautali."

Ndinayang'ana pansi. Padenga la malata mvula inkamveka. Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kusiyira panjira. Lyness anadikira, kenaka anawerama, anasenzanso mtsuko n'kuyamba kuchoka. Ndinamuona msana. Ndi msana womwewo umene ndinauona Jenifa akutsika njira ya kumanda, nsalu itamuphimba kumutu.

"Mwanawe," ndinatero. "Ndipatseko."

Mawuwo anatuluka aang'ono, osasa, ngati si anga. Lyness anagwada n'kundipendekera mtsuko. Munalibe madzi, koma ndinameza.

"Mwaona, Mateyo?" anatero a Silas motsitsa. "Azitero. A Jonasi, tabwerezaninso kuti aone bwino."

"Ayi."

"Kamodzi kokha, bambo."

"Kamodzi kakwana."

Ndinadzuka n'kusasa fumbi pathalauzi. Mateyo anandifunsa ngati ndinachitapo masewero kale. Ndinapukusa mutu. Panja mvula inali isanakate, ndipo sindinadziwe ngati Jenifa akandilole kulowa m'nyumba mwake kapena akandiimika pabwalo monga ndinamuchitira. Ndinapukuta chishalo ndi chipewa, ndinakwera njinga, ndipo nditafika pamsewu waukulu ndinalowera ku Naisi.