Msilikali wa Mayi Habets

Pamudzi pathu pano pafupifupi banja lililonse lili ndi msilikali wake. Agona kumanda a pamtunda paja, anyamata a ku Amereka amene anafera kuno pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo amene anatenga manda oti aziwasamala amapitako ndi maluwa ngati kwa m'bale wake. Mayi Trees Habets manda amene amasamala anasiyiridwa ndi amayi awo pamodzi ndi makina osokera. Msilikali wawo dzina lake linali Delbert Yoakum. Chithunzi chake panalibe, choncho Mayi Habets anangomuumba okha m'mutu: wamtali, wa tsitsi lakuda, wofatsa.

Manda oyandikana nawo ankasamala ndi a Sjeng Ramaekers, amene kale ankayendetsa basi. Iwowa chithunzi cha msilikali wawo anali nacho, ndipo sankatopa kuchionetsa.

"Wanga ndi uyu, mayi. Nanga wanuyo mukadzakumana kumwamba mudzamuzindikira bwanji?"

"Adzandizindikira ndi iyeyo. Si ndimamubweretsera maluwa a m'dimba mwanga? Osati ogula pomwetsera mafuta ngati anthu ena."

Pa tsiku la chikumbutso mu Meyi anthu anadzaza pamtunda paja, mtanda uliwonse uli ndi timbendera tiwiri. Mayi Habets atafika ndi maluwa awo anapeza mzimayi wina wachikulire ataima pamanda a Delbert, misozi ili mbwe koma akumwetulira. Anali Loretta, mwana wa mlongo wake wa Delbert, ndipo aka kanali koyamba kubwera kuno. Chingerezi cha Mayi Habets chimathera pa moni, ndiye a Sjeng anadzipereka kumasulira asanapemphedwe.

Loretta anatulutsa chithunzi m'chikwama. Mayi Habets anavala magalasi. Pachithunzipo panali kamnyamata kakafupi kovala chipewa, makutu ngati zogwirira mphika, kakuseka mano onse panja, katanyamula mwana wa nkhumba.

"Ndi ameneyu?"

"Yemweyo," anatero a Sjeng. "Wovala chipewayo, osati winayo."

"Khalani chete inu. Akuti chiyani tsopano?"

"Akuti malume awo maluwa sankagwirizana nawo. Akangowanunkhiza ankayetsemula mpaka agalu kuuwa."

"Bodza. Mukuwonjezera zanu."

Koma Loretta analoza maluwa aja, n'kugwira mphuno, n'kuyetsemula mwadala katatu. Mayi Habets anayang'ana maluwa awo, anayang'ana mtanda.

"Mwana wa eni ake," anatero. "Amayi anga kumuyetsemulitsa moyo wawo wonse, ine n'kupitiriza. Ndiye osadandaula n'kamodzi komwe."

Anayamba kuseka, Loretta naye n'kutengera, mpaka abusa amene ankakonzekera pemphero anawacheukira.

Lipenga litalira onse anakhala duu. Litatha, Loretta anagwira dzanja la Mayi Habets n'kulankhula chapansipansi. Ulendo uno a Sjeng anachedwa kumasulira.

"Akuti amayi awo anamwalira akudandaula kuti mlongo wawo ali yekhayekha kudziko la eni. Akuti akanadziwa za inu akanagona bwino."

Mayi Habets anapukuta magalasi pamalaya. "Auzeni kuti kunyumba kuli khofi ndi chitumbuwa cha zipatso za matcheri. Inunso bwerani, poti pakamwa panupo lero pakufunika."

Loretta anali atalipira hotela ya m'tauni, koma sanakagoneko. Anakhala kwa Mayi Habets sabata yonse, ndipo a Sjeng akachoka awiriwo ankacheza polankhulana ndi manja. Loweruka a Sjeng anawatenga pagalimoto kukawaonetsa munda wa mbatata kutsidya kwa mtsinje, kumene gulu la Delbert linamenyera nkhondo yake yomaliza.

Chaka chotsatira Mayi Habets, amene anali asanakwerepo ndege, anapita ku Amereka kukaona famu imene Delbert anakulira. Nkhuku zawo anasiyira a Sjeng. Iwo anadandaula kwa aliyense pamudzi pano kuti nkhukuzo n'zamwano ngati mwini wake, koma mazira ankadya okha.