Mtsuko wa Estere mu Udzu Wakuda

A Zakeyu anakhala paukamwini zaka makumi atatu m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru, ndipo pa zaka zonsezo sanaswepo mbiya ya akazi awo ngakhale imodzi. Musathamangire kuwatama. Sanaswe chifukwa a Estere sankawalola n'kukhudza komwe.

"Manja anuwo ndi a khasu," ankatero mayiwo, amene kuumba kwawo kunkadziwika mpaka ku Mpingu. "Inu muzingomweta udzu, kulongedzako mundisiyire."

Tsono zaka za boma la Chitaganya zitangoyamba, a Estere anagwidwa ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ali chidwalire anaumba mtsuko umodzi wa khosi lalitali, nauotcha okha, akutsokomola ndi utsi. Unali wa mwana wawo Tereza, amene anatengedwa chitengwa ndi mphunzitsi wina, a Lyton, ku Kabudula.

"Mukaupereke nokha, bambo ake Tereza, ndipo ukafike wamphumphu," anatero atagona pamphasa. "Mukauswa, musadzanditsate kumene ndikupitaku."

Anaseka onse awiri. Patangopita sabata, a Estere anatsikira kulichete. Tereza anabwera kumaliro panjinga ya amuna ake, khanda lili kumbuyo, ndipo mtsuko unalibe pokwera.

Mwezi wa Okutobala abale a malemu anafulula mowa n'kuwasudzula a Zakeyu. Panalibe mkangano, mwambo ndi mwambo. "Mwatisungira bwino mlongo wathu, alamu. Tsopano ndinu omasuka, mutha kubwerera kwanu." Kwanu kuti? Kumene anachoka ndevu zisanamere, kumene owadziwa onse anali kumanda. Nyumba nayo inali yoti igwetsedwe iwo akangotuluka. Koma zimenezo a Zakeyu sanaziike kumtima. Nkhawa yawo inali pa mtsuko basi, pakuti ngolo ya a Obadiya, mnansi wawo, inali kunyamuka m'mawa mwake ndi matumba a mtedza kupita ku Kabudula.

Dengu linalipo, luzi linalipo. Udzu? Kalanga ine! Anatsikira kudambo n'kupeza kuli bii, osaka mbewa atatentha mpaka m'mphepete mwa madimba. Makoko a chimanga ng'ombe zinali zitatha kalekale. Kwa anansi mitolo inali itakwera kale pamadenga, poti kumpoto kunali kutayamba kugunda.

"Aa, achimwene, mukuvutikiranji?" anatero a Obadiya akudzoza mafuta mawilo a ngolo. "Thyolani masamba a mango muyalemo. Si dzira limenelo."

A Zakeyu anapukusa mutu. Zaka makumi atatu akuonerera sizinapite pachabe. Masamba aawisi amafota padzuwa n'kusiya mpata, ndipo mawu a akazi awo ankawamva ngati ayankhulidwa dzulo: mtsuko susweka ndi kutalika kwa njira, umasweka ndi kugwedera.

Anakhala pakhonde dzanja lili patsaya. Chisoni chinawagwira, ndipo anadziona wopanda pake, mwamuna wamkulu wolephera kupeza udzu wodzaza dengu limodzi. Kenaka kachitsotso kanagwa kuchokera m'mwamba n'kuwatera pabondo. Anakweza maso.

Ha! Akazi amene ankachokera kuchitsime anaima mitsuko ili pamutu, kuona mkulu uja ali padenga, akusasula nyumba yakeyake dzuwa lili paliwombo.

"A Zakeyu, kodi kwagwanji? Mutu uli bwino?"

"Uli bwino, mayi. Pitani, madzi angatenthe."

Udzu wapamwamba anautaya, unali wofumbwa. Ankafuna wapakati, umene mvula sinaufike, wofewa ndi ukalamba, wodetsedwa ndi utsi wa moto wa a Estere. Anasolola wa pamwamba penipeni pa malo amene mayiwo ankakhala poumba, mpaka dzuwa linalowa m'nyumba n'kugwera pansi pomwepo.

Kulongedza anachita monga ankaonera. Pansi pa dengu anapota nkhata yokhuthala. Anakhazikapo mtsuko mosamala, chifukwa aka kanali koyamba kuti aunyamule. M'mimba mwake anatsenderamo udzu, m'mbali anaphatikamo pang'onopang'ono ndi zala, ndipo khosi analikulunga kawiri. Atamanga ndi luzi anagwedeza dengu, khutu lili pafupi. Kunali zii.

Ananyamuka tambala atalira kachiwiri. A Obadiya anafuna kuika dengu pamwamba pa matumba, koma eni ake anakana. Analifungatira pamiyendo ngati mwana wodwala. Msewu wake unali wa maenje okhaokha, ngolo ili gwedegwede, ndipo pa dzenje lililonse a Zakeyu ankadzuka pang'ono kuti kugundako kuthere m'mawondo mwawo.

"Mukadawanyamula chonchi akazi anu aja, bwenzi mudzi wonse ukukusekani," anawanyogodola a Obadiya.

"Yang'anani ng'ombe zanuzo, inu."

Dzuwa litapendeka anafika pa kamtsinje kouma. Potsetsereka ng'ombe imodzi inaterereka, wilo linamenya mwala, ndipo m'dengu munamveka kuti thwa!

A Obadiya anaimitsa ngolo. Nthabwala zinawathera. "Timasule tione?"

A Zakeyu analigwira dengu zolimba. Akanamasula pomwepo sakanamanganso mothina ngati poyamba, ndipo ngati mtsuko unali wamoyo akanaupha okha ndi chidwi. "Tiyeni," anatero. Mtunda wotsalawo ankangosisita dengu, akupepesa chamumtima kwa munthu amene sakanawayankha.

Tereza anawaona ali patali, ndipo anathamanga mwana akudumphadumpha kumsana. Anagwada, anawapatsa moni, koma bambo ake sanadikire n'madzi akumwa omwe.

"Masula, mwanawe. Ine manja akana."

Tereza anadula luzi n'kuyamba kuchotsa udzu. Linatuluka khosi, lopanda banga. Inatuluka mimba. Pansi pa dengu nsungwi imodzi inali itathyoka pakati, ndiye thwa uja. Anautukula mtsuko n'kuugogoda ndi chala monga ankachitira amayi ake pamsika, ndipo unalira kuti ngee, mawu oyera, opanda mng'alu.

A Zakeyu anakhala pansi padothi pomwepo. "Wafika, amake Tereza," ananong'ona. Misozi inatsika osaipukuta.

A Lyton, munthu waukhondo wa kusukulu, anabwera ndi tsache kuti akankhire zinyalalazo kudzala. Tereza anawagwira mkono. Anatola udzu wodzaza dzanja, anauyang'ana kuda kwake, kenaka anaununkhiza. Fungo limenelo analidziwa. Anakulira pansi pake.

"Bambo, uwu ndi udzu wa padenga lathu."

"Ndi womwewo."

"Ndiye nyumba?"

"Andisudzula, mwana wanga. Aigwetsa sabata yamawa. Ndinati udzuwu ugwireko ntchito yotsiriza."

"Nanga mvula ikakupezani kuti?"

A Zakeyu anayang'ana kumbali. "Kwathu sikusowa khonde."

Tereza anatolera udzu wonse, ngakhale tizidutswa, n'kuukumbatira pachifuwa. Anayang'ana amuna ake, ndipo a Lyton anagwedeza mutu n'kubisa tsache kumbuyo. Atatero Tereza analoza kakhitchini kake ndi mlomo.

"Mwaliona denga ilo? Likudontha ngati lichero. Apongozi anuwa musawadalire, manja awo ndi a choko. Mundifolerere ndinu, bambo, ndipo muyambe ndi udzu uwu."

A Zakeyu anadzidzimuka, pakuti kayankhulidwe kameneko, ka a Estere, ankayesa kuti anakakwirira ku Nsaru.

"Sungakwane ngakhale ngodya imodzi, mwanawe."

"Wina mudzamweta ukamera. Simuli pa changu, eti?"

Udzu ukamera, ndiye kuti mvula yagwa, yatha, ndipo dambo lauma. A Zakeyu anawerenga miyeziyo chamumtima n'kumvetsa. Anatapako udzu pang'ono m'manja mwa mwana wawo, anapota nkhata, anaiika pakona pa khitchini, n'kukhazikapo mtsuko ndi manja awo a khasu omwewo.