Makoswe a Khola Lamanzere

Mayi wofufuza za mankhwala anabaya khoswe womaliza kumchira, nadontheza magazi pa kachipangizo koyezera shuga. Ataona zotsatira, anagwira m'mutu.

Makoswe onsewa anali ndi matenda a shuga. A khola lamanja ankamwetsedwa madzi ofinyidwa m'masamba a chitsamba china chowawa. A khola lamanzere ankayenera kumwa madzi wamba basi, kuti kusiyana kuoneke. Koma shuga anali atatsika kumanja, atatsikanso kumanzere.

Kunyumba bambo ake omubereka, nawonso odwala shuga, ankadikira yankho. Anali atatopa ndi mapilitsi akuchipatala, ndipo analumbira kuti tsiku limene makoswe adzachire, adzataya mapilitsiwo kudzala.

"Achikulire," mayiyo anaitana mkulu wodyetsa makosweyo, "botolo la mankhwala lija mumathira kuti?"

Mkuluyo anatsamiritsa tsache pakhoma. "Ndimawagawira onse, amayi."

"Ndinati amanzere ndi madzi okha."

"Munaterodi. Koma odwala agone chipinda chimodzi, wina azimwa, mnzake azingoyang'ana? Kakhoswe kong'ambika khutuko kamabwera pa waya n'kundiyang'ana ngati mwana wamasiye. Ine ndimayesa vuto ndi kuchepa kwa mankhwala, ndiye ndimawonjezera madzi kuti akwanire."

"Mumasungunulanso?"

"Pang'ono chabe."

Mayiyo anakhala pansi. Miyezi yonse ija ya fungo la mkodzo wa makoswe, zala zolumidwa, yangopita padera. Anafuna kukalipa, koma mkuluyo anali kukanda kakhoswe kaja pamsana, akumwetulira.

"Komatu achira, amayi. Onani mmene akudumphira."

"Achira ndi chiyani? Masamba? Chakudya? Ndiwafunse okha?"

Atafika kunyumba anapeza bambo ake ali pakhonde, masamba aja atanyikidwa kale m'kapu.

"Mwanawe, odwala anzanga aja ali bwanji?"

"Shuga watsika."

"Onse?"

"Onse. Vuto lake n'limenelo, bambo. Sindikudziwa chawathandiza."

"Sukulu iyi nayo," bambowo anapukusa mutu. "Odwala achira, sing'anga walira."

Mayiyo anakhuthulira kapu ija m'maluwa, natenga mapilitsi pazenera, nawaika m'dzanja la bambo ake. Anaimirira pomwepo ndi madzi mpaka anaona kholingo likukwera n'kutsika.

"Mpaka liti?" anafunsa bambowo akupukuta pakamwa.

"Ndiyambiranso ndi makoswe ena."

"Ndiye ukawauze adwale msanga. Ine ndatopa."

"Nane ndatopa, bambo," anatero akutseka kabotolo ka mapilitsi. "Mawa m'mawa mumwanso."